Mseu Usadzafike Kuno

Pali mau ena amene munthu amaŵalankhula ali wokondwa, osaŵayeza n'komwe, koma pambuyo pake mau omwewo n'kumamlondola kulikonse kumene apita. Ine ndili nao mau otere. Ndidaŵalankhula mwezi wa Ogasiti, nditakhala pa thanthwe pansi pa phompho lina kuvuma kwa mapiri a Ntchisi, mapazi ali m'madzi ozizira. Mauwo adali akuti, "Mseu usadzafike kuno." Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa ngati munthu wodzangoona malo ali nao ufulu wolakalaka zotere, ndipo lero ndati nditule funsoli pamaso panu, aŵerengi, popeza mutu umodzi susenza denga.

Ulendowo adauyambitsa ndi mnzanga wina wa kuntchito, amene kwao ndi kumapiri komweko. Kwa zaka zambiri ankandisimbira za mtsinje wa kwao, kuti pena pake umaloŵa pakati pa makoma aŵiri a mwala, aatali kotero kuti dzuŵa limafikako pansi masana okhaokha. Ine ndinkayesa n'kudzitama chabe, monga amachitira aliyense pokamba za kwao. Tsono tsiku lina Lachisanu tidanyamuka ku Lilongwe, kudzera pa Lumbadzi, n'kukapatuka pa Mponela kuloza kuvuma mpaka pa boma la Ntchisi. Amene mudayendapo mseu umenewu m'chilimwe mukudziŵa maonekedwe ake: minda yokhayokha kufikira kumene maso alekeza, mapiri a Dowa atayera ngati mutu wometa mpala, zigafa za fodya zitaima zopanda kanthu, ndipo apa ndi apo kagulu ka mitengo yobiriŵira kataima pakokha pakati pa mapesi. Timagulu ta mitengoti mutikumbukire, pakuti ndibwererako.

Kuchokera pa boma tidakwera njinga zamoto za kabaza, kutsata mseu wafumbi umene udanka nuchepa mpaka udasanduka kanjira ka mapazi. Tidafika m'mudzi dzuŵa litapendeka. Adatilandira atsibweni ake a mnzangayo, bambo wa imvi, wosalankhulitsa, ndipo titadya nsima ya ndiwo za nyemba ndi mfutso adavomera kutiperekeza m'maŵa mwake.

Kuti mumvetse chifukwa chake mitsinje ya dera limeneli imakumba maphompho, muyambe mwaona m'mene dzikolo lidakhalira. Chidikha cha Lilongwe ndi Kasungu chili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,600. Koma nyanja ya Malaŵi ili pansi, pa mamita osakwana 500, m'chigwa chachikulu chimene chidapangika pamene nthaka ya kuvuma kwa Africa idang'ambika n'kutitimira. Motero madzi ogwa pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi ayenera kutsika kwambiri chotere pa kaulendo kakafupi. Bua amatsikira chakumpoto, kudzera m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Lingadzi wa ku Dowa amatsikira chakumwera, kuloŵera ku Salima. Pakati pa aŵiriŵa pali Chirua, Lifuliza ndi timitsinje tina tambiri. Madzi othamanga pamalo otsetsereka sayenda okha. Amanyamula mchenga ndi miyala, ndipo ndi zimenezi amacheka thanthwe monga sowo imachekera thabwa, kungoti iwo safulumira.

Tidanyamuka tambala atalira kachiŵiri. Atsibweni adali patsogolo, nkhwangwa papheŵa, nkhwaila kumapazi. Ife pambuyo ndi nsapato zathu zolemera zogula pa kaunjika. Poyamba tidadutsa m'minda yolimidwa pamalo opendekeka kotero kuti wolimayo ayenera kuti amaima mwendo umodzi utapinda. Kenaka minda idatha, tidaloŵa m'tchire la mombo ndi misuku, mitengo ikungoyamba kuphuka masamba aja ofiira amene amadza mvula isanagwe. Pena padali patapsa, phulusa la lupsa likutidetsa miyendo. Anyani adatiyang'ana ali pa mwala, osathaŵa, ngati eni dziko odikira msonkho. Njira idayamba kutsika modzidzimutsa, ndipo kwa maola aŵiri omaliza sitinkayenda koma kutsetsereka, kugwira mizu ndi nsungwi, maondo akunjenjemera. Mkokomo wa madzi tidaumva kale tisanauone mtsinje.

Mnzanga sadaname. Mtsinjewo umatuluka m'nkhalango n'kuloŵa mumpata wopapatiza, makoma ake oongoka ngati adachita kusema, akuda bii chifukwa cha chinyezi ndi ndere. Pansi pali maiŵe obiriŵira, ozizira ngati madzi ogona mumtsuko mwezi wa Juni, ndi mathithi ang'onoang'ono otsatizana. Pa thanthwe pali maenje ozungulira, osalala m'kati ngati mitondo, ndipo m'dzenje lililonse mupezamo mwala wa nsangalabwi umene madzi a dzinja amauzunguliza chaka ndi chaka. Umenewo ndiye munsi wake. M'mbali mwa madzi muli mikuyu, akatope ndi mibaŵa ikuluikulu imene anthu aŵiri sangaifungatire. Nantchengwa adali atamanga chisa chake chachikulu pa mphanda ya mkuyu, ndipo pa mwala wina padali zigoba za nkhanu zimene atsibweni adati adasiya ndi katumbu usiku. Tidaoloka podumpha miyala, n'kukakhala kutsidya kumene kudali kadzuŵa.

Amene adafikako ku mathithi a Mosi-oa-Tunya amasimba za mpata wa Batoka, m'mene Zambezi amayenda pakati pa makoma a mwala wakuda wotchedwa basalt, umene udali chiphalaphala cha moto chotuluka pansi pa nthaka zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Mwala wa ku Ntchisi si umenewo. Ukaupala ndere upeza kuti ndi wotuŵa, wa mizeremizere yopindika, wonyezimira timaŵanga. Akatswiri a miyala amautcha gneiss, ndipo ndi wakale kwambiri kuposa wa ku Batoka, wa zaka zopitirira 500 miliyoni. Munthu ukakhala pa mwala wotere, pambali pa madzi amene adayamba kuucheka kusanabadwe munthu ndi mmodzi yemwe, mavuto a kuntchito ndi ngongole zako zimachepa mpaka kukhala ngati nyerere. Lamya yam'manja idali itasiya kugwira kalekale. Kudalibe phokoso la galimoto, kudalibe wailesi, kudalibe pepala la pulasitiki ngakhale limodzi. Apo m'pamene mau aja adandipulumuka pakamwa.

Atsibweni adali akusenda chinangwa chootcha chimene tidatenga ngati kamba. Adaleka, nandiyang'ana.

"Mwati chiyani, mwana wanga?"

"Ndati mseu usadzafike kuno, atsibweni. Malo okoma ngati ano angaonongeke."

"Ooo," adatero, napitiriza kusenda. Padapita nthaŵi ndithu. Kenaka adaloza ndi mpeni pamwamba pathu, pamene kanjira kena kankatsika m'phiri ngati ulusi.

"Mukuiona njira iyo? Mwana wanga wamkazi adakwatiwa kuseri kwa phiri ili, adamtenga chitengwa. Pathupi pake poyamba padavuta, usiku, mwezi wa Febuluwale. Ine ndidali komweko, ndidapita kukazonda. Tidamnyamula anthu anai pa machila a nsungwi, kutsika naye apo, kuti tikakwere kumene tatsikira ife kuja, pakuti chipatala chili mbali ya kwathu. Tidapeza mtsinje utadzaza, ukukokolola mitengo. Tidamgoneka pa mwala wapamwambawo, pamene mwaika chikwama chanupo, kudikira kuti madzi aphwe. Tidaoloka kutacha. Kuchipatala tidafika dzuŵa lili paliwombo. Mai wake adapulumuka. Khanda lidabwerera panjira."

Sadandidzudzule, ndipo sadakweze mau. Adandipatsira chinangwa ndi manja aŵiri monga amachitira ndi mlendo. Achikhala adandikalipira, bwenzi zitandipepukira.

Ndidazindikira pamenepo kuti mau oti "kutali" amamveka mosiyana kwa wodzacheza ndi kwa mwini mudzi. Kwa ine kutali ndi mpumulo. Kwa iwo kutali ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50 pamutu. Ndi soya wogulitsa pa mtengo wolira chifukwa wogulayo amachotseratu za ulendo. Ndi mphunzitsi amene amtumiza koma osafika, kapena kufika n'kuthaŵa chaka chisanathe. Ndi mwana wa Sitandade 3 wojomba mwezi wathunthu poti mtsinje wadzaza. Bata limene ine ndidakalifuna lili ndi mtengo wake, ndipo olipira ndi ena, tsiku ndi tsiku, ine kulibe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, potilangiza kuti tizimsamala popeza sakhalitsa. Koma mwambi womwewo ukhoza kumchenjezanso mlendoyo: mame alibe mau pa za m'munda, pakuti dzuŵa likamaŵaula mbeu iwo amakhala atakamuka kale. Ine Lamulungu madzulo ndidali nditabwerera ku mseu wa tala, ku mpope wa madzi ndi ku chipatala chofikako pa mphindi khumi. Ndidafuna kuti ena akhalebe m'zimene ine sindikadapirira sabata imodzi, kuti ineyo ndizipeza pokapuma kamodzi pa chaka. Mukachotsa zokometsera, chilakolako changa chidali chimenecho basi.

Komabe ndinganame nditati mau anga adali opanda pake onse. Mantha anga adali ndi maziko, ndipo inunso mukuŵadziŵa. Phiri la Ndirande ku Blantyre lidali ndi nkhalango. M'zaka za m'ma 1990 idatha psiti. Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene mzinda wa Lilongwe umamwa, adadyedwa ndi makala kufikira boma lidatumizako asilikali mu 2015 kukalondera mitengo. Mapiri a Dowa aja ometa mpala sadalengedwe choncho: fodya wa chikopa, amene adayamba kulimidwa kwambiri m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, amafuna nkhuni zomufukizira, ndipo wa bale amafuna mitengo ya zigafa. Paliponse pamene lole ikhoza kufika, mbaŵa yonga ija ya mumpata imasanduka matabwa m'masiku aŵiri. Ndipo mitengo ikatha, oyamba kulira si alendo ai. Dothi limakokoloka, akasupe amaphwa, mtsinje umene unkayenda chaka chonse umasanduka khwaŵa la mchenga m'chilimwe ndi chilombo m'dzinja. Taganizani za mpasa, nsomba ija ya m'nyanja imene imakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. M'mitsinje yambiri mpasa idazimirira, koma mu Bua ikukwerabe, makamaka chifukwa chakuti kunsi kwake mtsinjewu umayenda m'nkhalango yotetezedwa. Msodzi wa ku Nkhotakota amadya kapena kugona ndi njala malinga ndi zochitika pa mapiri amene sadaŵapondepo.

Apa ndiyenera kuulula kanthu kena. Mseu sudya mitengo, umangonyamula. Chodya mitengo ndi mbaula, ndipo mbaula imodzi ili kukhitchini kwanga. Magetsi akazima, kapena mayunitsi akatha mwezi usanathe, ndimagula thumba la makala kwa mnyamata wa njinga osamfunsa n'komwe kumene achokera. Motero pamene ndinkati mseu usafike, chimene ndinkaopa kwenikweni chidali ine ndemwe ndi anzanga a m'tauni. Ndinkapempha kuti atsibweni akhale otsekeredwa, kuti ine ndisaŵabere.

N'zoona kuti kutalika kwa mapiriŵa kudapulumutsapo anthu. Angoni adaoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka makumi angapo gulu lina, la Chiwere Ndhlovu, lidadzakhazikika ku Dowa, nkhondo zao n'kumafika mpaka ku Ntchisi. Kunyanja nako a Jumbe a ku Nkhotakota ankagula akapolo. Akuluakulu amasimba kuti masiku amenewo Acheŵa ankathaŵira m'nkhalango yoŵirira ya pa phiri la Ntchisi, ndi kuti n'chifukwa chake sadaidule: munthu sagwetsa linga limene likumbisa. Atsamunda adailemba kukhala nkhalango ya boma mu 1924, koma kale mu 1914 m'mphepete mwake mudali mutamangidwa nyumba yoti bwana D.C. azikapumulirako kamphepo kayaziyazi, akuyang'ana nyanja patali. Ndikaiganiza nyumba imeneyo ndimaseka chamumtima, chifukwa pa nkhani iyi ine ndine mdzukulu wa bwana ujayo, osati wa othaŵa nkhondo aja. Iwo adalikonda phiri chifukwa lidasunga moyo wao. Iye ndi ine tidalikonda chifukwa cha maonekedwe. Ndiponso nkhondo zitatha, othaŵa aja sadakakamire m'nkhalango poti n'kokongola. Adatsika kukalima.

Tsono funso lenileni lili apa. Kodi chinthu chimene chatsala chifukwa choti palibe adachifikira, tinganene kuti chasungidwa? Plato, wanzeru wakale wa ku Greece, adalembapo nthano ya mbusa wina amene adatola mphete yomsandutsa wosaoneka, ndipo atangodziŵa kuti palibe angamuone adachita zoipa zonse zimene kale ankaziopa. Funso la nthanoyo n'lakuti, kodi ubwino wa munthu ndi ubwino ndithu, kapena n'kusoŵa danga chabe? Kwathu kuno timalidziŵa funsoli popanda Plato. Mwana amene sadabe shuga chifukwa shugayo ali m'kabati yokhoma sitifulumira kumutcha wokhulupirika. Timadikira tsiku limene kiyi idzaiŵalike pa tebulo. Chimodzimodzi mpata uja. Mibaŵa yake ilipo chifukwa palibe lole yotsikira kumeneko. Dziko lathu silidaisunge, langochedwa kuifika. Ndipo munthu wonena kuti mseu usafike akuvomera poyera kuti sakhulupirira mtundu wake, kuti mlonda yekhayo amene tingamdalire ndi umphaŵi. Mlonda ameneyu ngwokhulupirikadi, koma malipiro ake amatolera kwa eni mudzi, ndipo usiku uja adatolera kwa mai wogonekedwa pa mwala.

Nanga kodi pali njira ina? Apa m'pamene ndikubwerera ku timagulu ta mitengo tija ta m'mbali mwa mseu wa ku Mponela. Aliyense wa chigawo chapakati akudziŵa kuti ambiri mwa malo amenewo ndi manda. Ali pafupi ndi tala, makala amadutsa pomwepo usana ndi usiku, midzi yoŵazungulira ikusoŵa nkhuni kotero kuti amai amaphikira mapesi ndi zitsononkho, koma mitengo ya kumanda ili chiimire, ina ya zaka zoposa za agogo athu. Palibe waya, palibe mlonda wa mfuti. Chikuisunga n'chiyani? Wina adzati ndi mantha, kuopa mizimu ndi Gule Wamkulu amene dambwe lake limakhala komweko. Mantha alipo, sindikana. Koma si mantha okha. Pali pangano la mudzi wonse lakuti malo aŵa si a munthu mmodzi, ndi a amene adapita ndi a amene akudza, ndipo wodula popanda chilolezo amakaonekera kwa nyakwaŵa n'kulipa nkhuku kapena mbuzi. Imeneyi ndiye nkhalango yosungidwa, pakuti nkhwangwa ikhoza kuifika tsiku lililonse koma siifika. Anthu omwewo amene ine ndidaŵayesa osatha kusunga mtsinje wao akhala akusunga mitengo m'mphepete mwenimweni mwa mseu kwa mibadwo ndi mibadwo.

Sindifuna kukunamizani kuti nkhani yathera pamenepa. Manda ndi kamalo kakang'ono. Phiri ndi lalikulu. Pa kalembera wa 1966 Amalaŵi tidalipo 4 miliyoni. Pa wa 2018 tidapitirira 17 miliyoni, ndipo boma la Ntchisi lokha lidali ndi anthu oposa 300,000. Nthaka siidakule. Atsibweni omwewo adandiuza kuti kwao kuli lamulo la amfumu loletsa kudula mtengo m'mphepete mwa mtsinje, koma kuti m'njala ya 2002 lamulolo lidagona, ndipo palibe adalimba mtima kuzenga mlandu munthu amene ana ake ankadya mizu ya nthochi. Adandiuzanso za anyamata ogwetsa mtengo wathunthu pofuna matondo, m'malo mokwera monga ankachitira makolo. Pangano la mudzi limalimba pamene m'nkhokwe muli kanthu. Kumpoto kwa mapiriŵa, nkhalango ya Nkhotakota, imene idali itatsala pang'ono kutha nyama, idatsitsimuka pamene bungwe la African Parks lidayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2015, n'kusamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Koma zimenezo zidatheka ndi mpanda wa waya, alonda olipidwa ndi ndalama zambiri zochokera kunja. Kusunga kumadya chuma, ndipo funso n'lakuti atulutse ndani. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya 2015 yotchedwa Laudato Si', adanenetsa kuti kusamala dziko ndi kuchitira chilungamo amphaŵi ndi nkhani imodzi. Ine zimenezi ndidazimvetsa bwino pa thanthwe paja kuposa pamene ndinkaŵerenga kalatayo.

Ngati madzi a m'mapiri aja amathirira mpunga wa kunyanja, ngati bata lake limatsitsimutsa ife otopa a m'tauni, ndiye kuti tonsefe tili ndi ngongole kwa okhala kumeneko, ndipo ngongoleyo siibwezedwa poŵaletsa mseu. Ibwezedwa ndi mlatho, ndi chipatala chapafupi, ndi mtengo wabwino wa uchi ndi boŵa wochokera m'nkhalango yamoyo, kuti mtengo woima uzimpindulira mwini mudzi kuposa wogwa. Ibwezedwanso kukhitchini kwanga. Ndikuchita manyazi ponena izi: potsazikana ndidaŵapatsa atsibweni ya sopo, ndalama yosakwana kugula thumba limodzi la makala ku Lilongwe, ndipo ndidachoka ndikudziona ngati munthu wopatsa. Tsiku lathunthu la munthu wamkulu, pamodzi ndi nzeru zake za njira, ndidaliyesa lochepa kuposa mtengo wootchedwa. Nanga mnyamata wa m'mudzimo amene adaona zimenezo adaphunzirapo kuti chopindulitsa n'chiti, kuperekeza alendo kapena kuotcha makala?

Maganizo a atsibweni eni ake ndidaŵamva pokwera kubwerera, pamene tidaima kuti ine ndipezeko mpweya.

"Nanga inuyo, atsibweni, mseu mukuufuna?"

"Ndikuufuna, ndiuone ndisanafe. Koma mseu ndi mkamwini, mwana wanga. Amabwera ndi mchere ndi sopo, mudzi n'kusekerera. Mukapanda kumuuza malamulo a pakhomo tsiku loyamba lomwelo, mudzadzidzimuka m'nkhokwe mulibe kanthu, iye atapita."

"Ndiye malamulowo amuuze ndani?"

"Eni mudzi. Kodi mkamwini amalangizidwa ndi anthu odutsa?"

Yankho limeneli silitsimikiza kuti mitengo idzapulumuka. Eni mudzi akhoza kulakwa, monga tidalakwira ife ku Ndirande ndi ku Dzalanyama. Koma ufulu wolakwa umenewo ife tili nao kale, ndipo sitidakapemphe chilolezo kwa iwo pamene tinkatsira tala m'miseu yathu. Chimene ndingachite ine wodutsa ndi kunena zimene ndidaona kwina, ngati andifunsa, ndi kulipira gawo langa. Kulakalaka kuti akhalebe monga aliri si kwanga.

Ena mwa inu mwaona kuti sindidatchule dzina la mtsinjewo ngakhale la mudzi. Poyamba ndidafuna kuŵabisa chifukwa cha umbombo, kuti malowo akhale anga ndekha. Titafika pamwamba, dzuŵa likuloŵa, nyanja ikunyezimira patali ngati lata latsopano, chikwama changa chili papheŵa pa atsibweni chifukwa ine chidandikanika pa chitunda chomaliza, ndidaŵafunsa ngati ndingalembe za malowo m'magazini, dzina ndi njira yomwe, kuti mwina alendo ena n'kubwera ndi kandalama.

"Za ine lembani," adatero. "Koma dzina la mtsinje si langa ndekha. Mudzabwerenso, tikaonekere kwa amfumu, anthu akamve, akambirane. Mudzatenge nkhuku."

Ndidalonjeza kubwerera mwezi wa Disembala, koma mvula idandiyambirira. Mnzanga akuti kamlatho ka mitengo ka pa khwaŵa loyamba kadakokoloka, ndipo a kabaza akukana kupitirira pa sukulu mpaka madzi adzaphwe mu Meyi. Nkhuku ndidagula kale, ikudya gaga kuseri kwa nyumba.